Maina Awiri pa Chikwangwani cha ku Partick

Tadala,

Kalatayi uipeza utafika kale ku Limbe, chifukwa ndikuibisa pansi pa sutikesi yako yaikulu, m'kati mwa chitenje chobiriwira chija umati n'cha azigogo. Ndachita dala. Ndikanakupatsa pamanja ukanaiwerenga m'basi ya ku bwalo la ndege, ndipo sindikufuna uiwerengere pamalo pamene ungathe kutsika n'kubwerera.

Lero ndi Lamulungu masana. Ndili mu shopu yathu, chitseko ndakhoma, ndakhala pa tebulo lodulirapo nsalu. Usadabwe ndi kukula kwa zilembo, chifukwa chake uchipeza kutsogoloku. Ndikudziwa kuti Chichewa umawerenga ngati munthu woponda minga, koma upirire. M'Chingerezi umandigonjetsa, makamaka ukayamba kuthamangitsa lilime ngati anzako a ku Easterhouse, ndipo lero sindikufuna kugonja ndisanamalize.

Ukupita kwa bambo ako, munthu amene anatisiya mu fulati ya ku Gorbals iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kubwerera kumudzi ndi mkazi wina. Tsopano ali ndi fakitale yosoka yunifolomu za ana asukulu, ndipo sitiroko yawapha dzanja lamanja. Ndiye akumbukira kuti ku Glasgow anasiyako mwana wodziwa kusoka. Unandimvetsera uthenga wawo pa foni, nkhope ili ngwee: "Bwera mwanangu tidzayendetse limodzi. Mpando ndi waukulu, tikwanapo awiri." Ine ndinaseka, iwe unakwiya. Sindinkaseka iwe. Mawu amenewo ndinawamvapo kale kawiri, koyamba m'kamwa mwa bambo anga, kachiwiri m'kamwa mwanga.

Komanso tisanamizane, mwanawe. Sukupita chifukwa chowamvera chisoni bambo ako. Ukuthawa diresi la mwana wa a Mwale. Chichitikireni za diresi lija sunagwirenso sizasi, ku tchalitchi unasiya kubwera, ndipo Amalawi a mu mzinda uno akamati "telala wamng'ono uja" amatsitsa mawu. Wanyamula dzina lowonongeka, ukupita nalo kutali. Za dzina limenelo ndiye ndakhalira pansi kulemba. Koma ndiyambira kutali, chifukwa ndine wamantha, ndiponso chifukwa malangizo ena uyenera kuwamva usanandide.

Umadziwa kuti ndinafika ku yunivesite ku Zomba ndipo sindinamalize. Ungalephere bwanji kudziwa, poti chaka ndi chaka ana omaliza yunivesite ya kuno akadzaza shopu ndi mathalauza oti ndifupikitse, ndimalalata tsiku lonse? Chimene sunafunsepo n'chakuti ndinkaphunzira chiyani. Ndinkaphunzira mbiri yakale. M'chaka chachitatu ndinayamba kulemba pepala lalitali lonena za mafumu amene ankakhazika ana awo pampando iwo eni akadali moyo, n'kumalamulira limodzi. Ku Iguputo zinkachitika. Anthu a kumeneko ankawerenga zaka kuyambira pamene mfumu yalowa ufumu, ndiye pali miyala imene analembapo zaka ziwiri pamwala umodzi, chaka chakuti cha bambo, chaka chakuti cha mwana. Aphunzitsi anga ankati imeneyo inali nzeru, kuti mfumu ikafa pasakhale nkhondo pa maliro. Ine, ndi mwano wanga wa utsikana, ndinalemba kuti mfumu sigawana mpando chifukwa cha chikondi. Imagawana chifukwa yaona chinachake chimene anthu ena sanachione, mwina mwendo wayamba kukoka, mwina m'nyumba mwalowa adani. Iwo analemba m'mbali ndi inki yofiira kuti, "Umboni uli kuti?" Ndinalibe. Umboniwo ndaupeza pambuyo pake ndi moyo wanga, koma palibe amene amapereka digiri pa zimenezo.

Cholakwa changa choyamba chinali kukhulupirira bambo anga. Agogo ako a Chisale anali ndi chigayo ku Lizulu, m'mbali mwa msewu. Ndili pakati pa pepala lija, lamba wa chigayo anawadula zala zitatu. Anatumiza kalata, ine ndinapita. Ndinawapeza pakhonde, dzanja lili mu bandeji, ndipo anati, "Nachisale, mutu m'nyumba muno ndi iwe. Alongo ako ndi zidakwa. Khala temu imodzi yokha, tiziyendetsa limodzi. Changa n'chako." Temu imodzi inasanduka zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinaphunzira kusintha sefa, kutembenuza nyundo zikabuntha, kumva ndi khutu injini ikayamba kudwala. Anzanga akuvala mikanjo ku Zomba, ine tsitsi lili mbuu ndi ufa. Koma kiyi wa chigayo ankakhala pa chingwe m'khosi mwawo. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuti andipatse, madzulo ndinkagwadanso kubweza.

Atamwalira, tsiku lometa maliro, ana a mlongo wawo anabwera kudzatenga chigayo, monga mwambo wakwathu umanenera kuti chuma cha mwamuna chimayang'ana kwa ana a mlongo wake. Ndinadzuka pakati pa anthu n'kunena kuti bambo anati changa n'chako. Wamkulu wa iwo, munthu wosadziwa ngakhale pothira dizilo, sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Anakuuzani pamaso pa ndani, asuweni?" Ndinayang'ana uku ndi uku. Pakhonde paja tinalipo awiri, ndi nkhuku.

Ndiye tamvera. Aiguputo sanali opusa polemba pamwala, pamalo poti aliyense aone. Sabata yoyamba yomweyo uwauze bambo ako asonkhanitse antchito onse a pa fakitale, mkazi wawo alipo, ana awo aamuna awiri aja alipo, anene ndi pakamwa pawo kuti iwe ndiwe ndani pamalopo. Akatero, mupite kwa loya zikalembedwe. Adzati, "Bwanji ukufulumira, kodi sukundikhulupirira?" Uwayankhe mwaulemu kuti, "Ayi bambo, sindikukukhulupirirani." Safa nazo. Sutikesi yachiwiri usaitsegule mpaka atanena. Chilichonse chokoma chimene angakuuze muli awiri m'galimoto kapena m'chipinda chawo chodwalira, uzidzifunsa funso la msuweni wanga uja: pamaso pa ndani?

Cholakwa chachiwiri ndinachichita pa chigayo pomwepo, ndipo ndinachichita monyada. M'mbiri ya ku Iguputo muli mfumu ina imene inagawana mpando ndi mwana wake. Mwanayo ndiye ankapita ndi asilikali ku chipululu kukamenya nkhondo, bambo n'kutsala m'nyumba yachifumu. Ndinkawerenga zimenezo ngati ulemu kwa mwana. Pa chigayo panali a Jailosi, amene anayamba ntchito ine ndili kumbuyo. Tsiku lina anabwera ataledzera n'kugaya mgaiwa chimanga chimene mwini wake ankafuna ufa woyera. Agogo ako anandiitana n'kuti, "Pita ukawachotse ntchito. Ndiwe bwana tsopano." Ndinapita mapewa ali m'mwamba, ndinawathamangitsa pamaso pa azimayi onse amene anali pamzere. M'mawa mwake a Jailosi anabwera kudzalira pakhonde. Ndinamva ndi makutu anga agogo ako akuti, "Ana a sukuluwa alibe chisoni, Jailosi. Bwerera pantchito." Kuyambira tsiku limenelo Lizulu yense ankadziwa kuti a Chisale ndi munthu wabwino, koma anabereka njoka. Ndiye pa maliro paja, pamene ndinkayang'ana uku ndi uku, ukuganiza kuti panali amene akanandiimira?

Bambo ako adzakutuma nkhondo zawo. Pa fakitale pali anthu amene akhala akufuna kuwachotsa kwa zaka, koma akuopa kuwayang'ana kumaso. Iwe ukubwera ndi Chichewa chopindika ndi pasipoti ya kuno, ndiwe chikwapu chabwino. Ukaona kuti mawu onse owawa akutuluka m'kamwa mwako ndipo okoma akutuluka mwa iwo, dziwa kuti sunagawiridwe mpando. Wochotsa munthu ntchito akhale yemweyo amene angathe kumubweza. Ngati kubweza si kwako, kuchotsa kusakhalenso kwako.

Ndipo uziyang'ana dzanja lawo. Ku Yuda kunali mfumu imene inagwidwa ndi khate, n'kukakhala m'nyumba yapayokha, mwana wake n'kumayendetsa dziko. Mwana ameneyo analamuliradi, chifukwa khate silinachoke. Koma sitiroko nthawi zina imabweza zimene inatenga. Bambo ako ndimawadziwa, ndinawachapira zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku limene zala zawo zidzathe kugwiranso cholembera, udzamva akuti, "Wathandiza mwanangu, tsopano upumeko." Usadzadabwe, usadzalire pamaso pa mkazi wawo. Udzangotulutsa pepala la kwa loya lija.

Tsopano ndifike pa ine, poti ndazungulira mokwanira.

Zaka zinayi zapitazo ndinaitana mzungu wina wopenta zikwangwani kuti alembe dzina lako pambali pa langa pa chikwangwani. Nachisale ndi Tadala. Ndinachita pamaso pa anthu, chifukwa za ku Lizulu ndinali ndisanaiwale. Abusa anabwera kudzapemphera, azimayi a ku tchalitchi anabweretsa mandasi, ndipo ine ndinaima pakhomo mvula ikuwaza n'kunena kuti, "Kuyambira lero muli ndi matelala awiri." Unalira. Unati, "Zikomo, Mam," ndi mawu ako a kuno aja, n'kundikumbatira pamaso pa abusa. Ndinadziona ngati munthu woposa bambo anga.

Koma kiyi anali ndi ndani? Zaka zinayi unkaima panja pa shopu m'nyengo yozizira, manja ali m'thumba, kudikira sitima yanga ifike. Unandipempha kangapo kuti tikadulitse wachiwiri. Ndinkati, "Mawa." Sizasi yaikulu ya chigwiriro chakuda inkagona mu dirowa yanga, iwe unkadulira yaing'ono ija imatafuna nsalu. Tinsalu tolembedwa dzina timene timasokerera kukhosi kwa chovala tinali ndi dzina langa lokha. Unafunsa kuti, "Mam, nanga langa?" Ndinati, "Titsirize kaye bokosi ili, tisawononge." Bokosi lija silinathe, eti? Linkatha. Likatsala pang'ono ndinkaitanitsa lina mwakachetechete n'kuthira m'lakalelo. Zaka zinayi unkayang'ana bokosi losatha ngati mafuta a mkazi wamasiye, osandiganizira. Ukukumbuka mkulu wa ku Partick konkuno amene anabweretsa siketi yake ya amuna a kuno kuti tiikulitse m'chiuno, ukwati wa mdzukulu wake utayandikira? Unamuyeza bwinobwino. Ine ndinatuluka kuseri, ndinakulanda tepi n'kumuyezanso iwe uli pomwepo. Mkuluyo anaseka n'kufunsa kuti, "Kodi bwana ndi ndani muno?" Ndinati, "Funsani amene wagwira sizasi." Tonse tinaseka. Iwe unaseka mochedwa.

Ku Iguputo konko kunali mfumukazi imene inapatsidwa kusunga mpando wa mwana wa mwamuna wake mpaka mwanayo akule. Mwana anakula, iyo sinachoke. Inayamba kujambulidwa pa miyala itavala ndevu zopanga ngati mfumu yaimuna, maina awiri akulembedwa limodzi. Itamwalira, patapita nthawi, anthu anatumidwa kukagoba dzina lake ndi nkhope yake pa miyala ija. Ku Zomba ndinkamukonda mayi ameneyu kuposa mafumu onse. Ndinalemba masamba ndi masamba kumuikira kumbuyo, kunena kuti anamudera ukazi. Mwina zinali zoona. Koma sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti winayo ankamva bwanji zaka zonsezo, ataima pambali, dzina lake lili pamwala koma mawu ake osamveka.

Unkaganiza kuti dzina lako ndinalilembetsa chifukwa cha chikondi. Ndimakukonda, koma si chimene chinaitana wopenta. M'mawa wina, mwezi umodzi izi zisanachitike, ndinalephera kulowetsa ulusi pa singano. Ndinayesa kasanu. Ndinati ndi mdima wa Glasgow, dziko limene dzuwa limagwira ganyu. M'mawa mwake zinachitikanso. Ukukumbuka mmene ndinayambira kunena kuti, "Tandilowetsera ulusi, manja anga ali ndi mafuta"? Ndinaona chinachake chimene anthu ena sanachione, ndiye ndinagawana mpando. Aphunzitsi anga aja akanakhala moyo ndikanawatumizira umboni.

Kenako kunabwera diresi.

Mayi Mwale, akazi a injiniya aja, analowa mu shopu ndi mwana wawo Chisomo, nsalu yoyera ili m'manja, yogula ku London, yokwanira diresi limodzi basi. Ndinadzuka kuti ndiwalandire. Anati, "Muli bwanji Mayi Nachisale? Lero tabwerera wamng'onoyu. Chisomo waona ntchito zake pa foni, akuti palibenso wina." Anandidutsa ngati mpando. Mu shopu imene ndinayamba ndi makina amodzi obwereka, munthu anandipatsa moni n'kundidutsa. Ndinamwetulira, ndinawapangira tiyi. Masabata asanu ndi limodzi unagwira diresi lija, ine ndikuyang'ana chakumbali, kudikira kuti ulakwitse kuti undifune. Sunalakwitse. Sunandifunse kanthu.

Lachinayi la sabata ya ukwati unapita kwa dokotala wa mano m'mawa. Ndinatsegula ndekha. Diresi linali pa chidole choyezerapo, litatha. Ndinaima patsogolo pake n'kuyang'ana mpendero wa m'munsi, ndipo ndinaona uli wokhotakhota ngati njira ya njoka pamchenga. Ndikuuze zoona, Tadala, ndinasangalala. Ndinati mumtima, "Ehe, waona? Popanda ine." Sindinatenge tepi. Ine Nachisale, wa zaka makumi atatu pa makina, nditenge tepi pa chinthu chimene ndikuona ndi maso? Ndinatenga choko, ndinajambula mzere wanga, ndinatulutsa sizasi yaikulu n'kudula. Ndinapenderanso ndi manja. Msoko wanga ndi wako susiyana, ndinakuphunzitsa ndine. Pamene unkabwera, tsaya lili lotupa, diresi linali m'thumba lake, ndipo ndinati, "Ndalikutira lisade." Ndinkafuna ndidzakuuze ukwati utatha, kuti udziwe amene anakupulumutsa.

Lachisanu Chisomo analivala. Kumanzere linkakhudza pansi, kumanja nsapato yonse inali pamtunda mpaka kakolo. Mayi Mwale anagwira m'chiuno n'kuti, "Ichi n'chiyani? Mwana wanga akukakwatiwa kapena akukawoloka mtsinje?" Chisomo anayamba kulira. Iwe unagwada ndi tepi, unayeza, unayezanso. "Ndinayeza, Mam. Ndinayeza kawiri." Unawerenga manambala mokweza, ndipo nditawamva ndinadziwa. Mpendero wako unali wowongoka. Wokhota unali wanga. Unakweza maso kundiyang'ana, osati mondiganizira, koma ngati mwana wofuna kuti mayi ake amuuze kuti dziko silinathe. Ndipo ine ndinatembenukira kwa Mayi Mwale n'kunena kuti, "Pepani mayi. Ndi mwana, akuphunzira."

Ndi mwana, akuphunzira. Agogo ako anati ana a sukuluwa alibe chisoni. Ine ndinawaposa, chifukwa iwo sanadule kanthu ndi dzanja lawo.

Chisomo anakwatiwa ndi diresi lobwereka. Mayi Mwale anafotokoza nkhaniyi ku tchalitchi, ku maliro, ku maphwando opereka ziwiya kwa atsikana okwatiwa, kulikonse kumene Amalawi awiri anakumana. Ine ndinkayenda pakati pawo ndikulandira chipepeso. "Limbani mtima Mayi Nachisale, ana a masiku ano ndi a phuma." Ndinkagwedeza mutu.

Madzulo a Lachisanu lomwelo ndinaima pa siteshoni ya Partick kudikira sitima. Ndinayang'ana mzere wachikasu wa m'mphepete mwa pulatifomu, unali wokhotakhota. Ndinayang'ana mtengo wa magetsi, unali wopindika pakati. Ndinatseka diso lamanja, zinawongokako. Ndinatseka lamanzere, dziko lonse linapindika. Ku chipatala anandiuza kuti ndi matenda a kuseri kwa diso, pakatikati pamene munthu amaonera zinthu zing'onozing'ono. Mizere yowongoka imayamba kukhota, kenako pakati pamabwera banga, umaona m'mbali mokha. Amandibaya jakisoni m'diso kuti zichedwe. Akuti zimene zapita sizibwerera, ndipo lamanzere layambanso. Masiku amene ndinkati ndili ku msonkhano wa azimayi ndinali kumeneko. Miyezi isanu ndakhala ndikudziwa. Miyezi isanu ndakuonera ukusesa mu shopu ndi kusita zovala ngati wantchito, ukuopa kukhudza nsalu ya munthu. Ndinkati ndikuuza mawa, ngati kiyi uja.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Kupempha sindidziwa, ndipo ukanandikhululukira msanga ndikanakunyoza. Ndikufuna ukatsika ndege udziwe chinthu chimodzi: manja ako alibe mlandu. Pa matelala onse amene ndawaona, kumudzi ndi kuno, palibe amene amadula ngati iwe, kuphatikizapo ine ndili ndi maso. Ndinazidziwa uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo n'chifukwa chake sizasi yaikulu ndinkaibisa. Usalowe mu fakitale ya bambo ako ngati munthu wothawa mlandu amene alandire chilichonse chimene apatsidwe. Munthu wodziona wolakwa safunsa za loya. Iwe ufunse.

Koma zimene ndakuuzazi ndakuuza pamaso pa ndani? Tilipo awiri, iwe ndi ine, ngakhale nkhuku palibe. Ndikudziwa. Lero m'mawa ndinavala, ndinakwera basi, ndinafika pakhomo la tchalitchi ndi mtima woti nthawi ya zolengeza ndiimirire ndinene zonse. Ndinamva akuimba, ndinamva mawu a Mayi Mwale pamwamba pa onse monga mwa masiku onse. Ndinabwerera. Usandiyese wolimba mtima. Chimene ndakwanitsa ndi ichi: ndalemba kalata ina yaifupi kwa Mayi Mwale, yonena kuti mpendero ndinadula ndine, kuti maso anga akufa, ndi kuti ndinanama pamaso pawo. Ndaiponya kale m'bokosi lofiira la makalata la pakona, ndisanayambe ino, kuti ndisasinthe maganizo. Ndinayesa kulowetsamo dzanja pambuyo pake, silinalowe. Ifika Lachiwiri. Ukuwadziwa mayi aja. Pofika Lachitatu nkhani idzakhala itafika ku Edinburgh, pofika Loweruka idzakupeza ku Limbe. Kwa nthawi yoyamba pakamwa pawo pagwira ntchito yabwino.

Akadzamva, palibe amene adzabweretsenso nsalu kwa telala wakhungu ndi wabodza. Ndazilingalira. Ndizidzasoka mabatani ndi kusintha mazipi a ana a yunivesite, zimenezo zala zimadziwa zokha, mpaka tsiku limene ndidzalephere kuwerenga nambala ya sitima.

Usabwerere chifukwa cha maso anga. Ndikubwereza, usabwerere. Ndikakuitana tsopano ndidzakhala mfumu yachitatu yodwala yonena kuti mpando ndi waukulu, ndipo ndakuuza kale chimene mawu amenewo amatanthauza. Sindikukhulupirira kuti za ku Limbe zikakuyendera. Ndikuona ukutumidwa nkhondo, ndikuona dzanja likuchira, ndikuona ana aamuna aja akukula. Koma kuno ndinakudyera kale zaka zinayi, ndipo ndikudzidziwa. Utabwera mawa, ndingathe kukupatsa kiyi m'mawa, madzulo n'kuyamba kufunsa kuti wamuika pati.

M'chitenje momwe mwapezeka kalatayi muli sizasi yaikulu. Ndaiika m'sutikesi yopita pansi pa ndege kuti asakulande pachipata. Ndinainoletsa Lachisanu. Usabwereke munthu, ngakhale bambo ako. Usadulire pepala. Mulinso kiyi. Ndinakadulitsa dzulo, zinatenga mphindi zochepa kuposa kuwiritsa tiyi, ndipo ndinatuluka m'sitolomo ndikutukwana. Sindikudziwa kuti udzatsegulira chiyani uli kumeneko. Ungomusunga, kapena umutaye mu mtsinje wa Mudi.

Tsiku limene unandiuza kuti ukupita, ndinaimbira wopenta uja ndili ndi ukali, ndinamuuza abwere adzafute dzina limodzi pa chikwangwani. Akubwera Lachitatu. Dzulo ndinamuimbiranso kumuuza kuti dzina lofuta ndi loyambalo. Anafunsa kawiri, akuganiza kuti sanamve Chingerezi changa. Mfumukazi ija inadikira kuti ena adzaigobe itafa. Ine sindidikira, ndipo ndikufuna ndione ndekha pamene ndikadatha kuona. Anthu odutsa mumsewu adzawerenga dzina la munthu amene mulibe, ndipo m'kati mudzakhala munthu amene dzina lake palibe. Akadzalowa n'kufunsa kuti bwana ndi ndani muno, ndidzati bwana ali paulendo, anapita ndi sizasi.

Uzivala juzi m'mawa, Limbe imazizira kuposa mmene bambo ako akuuzira. Ndipo chilichonse chimene ungaone kuti chakhota, usanadule, tenga tepi.

Ndine mayi ako,
Nachisale